KODI GITALA YODULA NDIYO IMALIRA BWINO?

Cimanga ndi nsawa zikagulitsidwa, anyamata ambiri a m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, pamodzi ndi akulu a makwaya a m'machalichi, amayamba kuganiza zogula gitala. Akafika m'sitolo amapeza magitala awiri ofanana maonekedwe, koma mtengo wa imodzi ndi wokwanira kugula magitala khumi a mtundu winawo. Pamenepo mtima umagawanika, pakuti ndalama za dzinja lathunthu siziyenera kutayidwa cifukwa ca dzina lolembedwa pamutu pa gitala.

Kudula kwa gitala kuli ndi zifukwa zace zoona. Makampani akale monga Martin wa ku America, amene anayamba nchito m'caka ca 1833, amasankha mitengo youma bwino, ndipo amisiri amatha masiku ambiri akupala ndi kulumikiza matabwa. Thabwa la kumaso, lija liri ndi cibowo, limakhala la mtengo weniweni wopepuka, pamene pa gitala yochipa amaikapo timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi ndi guluu. Thabwa la mtengo weniweni limanjenjemera momasuka, cotero mau ace amamveka okoma ndi okhalitsa. Koma gawo lina la mtengo wa gitala limalipira zokongoletsa, dzina la kampani ndi msonkho wa pa malire, zinthu zimene khutu silimva.

Mmisiri wochuka wa ku Spain, Antonio de Torres, anaonetsa m'caka ca 1862 pamene pagona mau a gitala. Iye anapanga gitala ya thabwa labwino kumaso, koma m'mbali ndi kumbuyo anaikako cikatoni. Gitalayo inalira, ndipo isungidwa kufikira lero m'nyumba yosungiramo zoimbira mu mzinda wa Barcelona. M'caka ca 1995 Bob Taylor wa ku America anacitanso cimodzimodzi: anatola matabwa otayidwa osanjikapo katundu napanga nao gitala yabwino. Amisiri awiriwa anatsimikiza kuti luso la wopanga liposa kudula kwa mitengo.

Mbiri ya oimba nayonso icitira umboni. Gitala yoyamba ya John Lennon wa gulu la Beatles inali Gallotone, gitala yochipa yopangidwa ku South Africa, mtundu umene unali wofala m'masitolo a maiko a kuno kum'mwera kwa Africa. Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga gitala yace pamodzi ndi atate ace m'caka ca 1963, ndipo khosi lace analisema ku thabwa lakale la pa malo osonkhapo moto m'nyumba. Anaimba nayo pamaso pa makamu a anthu kwa zaka zoposa 50. M'Zambia momwe muno, nyimbo za kalindula zinakulira m'midzi pa mabanjo osema pamanja ndi babatoni, zisanafike pa wailesi ndi magitala a magetsi.

Komabe si gitala yochipa iriyonse imene iri yoyenera kugula. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo magitala openta mowala amene khosi lace ndi lopindika, nsambo zace ziri kutali ndi khosi, ndipo zokungira zace zimabwerera zokha nyimbo isanathe. Mwana wophunzira pa gitala yotere amatupa zala, nagwa mphwayi, naganiza kuti alibe mphatso, pamene colakwa ciri pa cipangizo.

Cifukwa cace wogula ayenera kuyesa zinthu zinai asanatulutse ndalama. Coyamba, ayang'ane khosi kucokera kumutu monga mmisiri ayang'anira thabwa, aone ngati liri loongoka. Caciwiri, aone mpata wa pakati pa nsambo ndi kacitsulo ka nambala 12 pa khosi. Mpatawo usapitirire mamilimita atatu. Cacitatu, alize nsambo yosagwira, kenaka aigwire pa kacitsulo komweko. Mau awiriwo ayenera kugwirizana, ena apansi ena apamwamba. Akasemphana, gitalayo sidzamvana ndi kwaya ngakhale aikunge tsiku lonse. Cacinai, aone ngati kathabwa komangirirapo nsambo sikayamba kumatuka. Amene sadziwa kuliza atenge mnzace wodziwa, amuimbire iye ataima capatali ndi kumvetsera.

Nyengo ya kuno iyeneranso kuganiziridwa. Gitala ya mtengo weniweni imafuna mpweya wa cinyezi capakati, ndipo kuuma kwa mwezi wa Okutobala kukhoza kung'amba thabwa lace, makamaka ikasiyidwa padzuwa kapena pafupi ndi malata otentha. Ya matabwa omata imapirira bwino kutentha, cinyezi ca m'dzinja ndi mabampu a pa njinga. Motero kwa woimba wa kumudzi amene ayenda nayo ku maukwati ndi ku misonkhano ya mpingo, gitala ya mtengo wapakati kawirikawiri ndiyo imakhalitsa.

Kasungidwe nako kamasintha kaliridwe. Nsambo za dzimbiri zimapha mau a gitala iriyonse, pamene nsambo zatsopano zimadzutsa ngakhale yochipa. Pali cenjezo limodzi lalikulu: gitala yopangidwira nsambo za nailoni isamangidwe nsambo za waya, pakuti nsambo zisanu ndi imodzi za waya zimakoka ndi mphamvu yofika pafupi makilogalamu 70, ndipo zikhoza kupinda khosi kapena kuzula kathabwa kaja.

Tsono yankho la funsoli liri pawiri. Kucoka pa gitala yoipitsitsa kufika pa ya mtengo wapakati, ndalama iriyonse yoonjezera imamveka m'khutu ndi m'zala. Kupitirira pamenepo kusiyana kumacepa, ndipo amene amapindula nako ndi katswiri wojambula nyimbo kapena woimbira makamu. Wophunzira ndi kwaya ya pamudzi acita bwino kugula gitala yoongoka khosi, kusungako ndalama za nsambo ndi thumba loisungiramo, ndi kuiliza madzulo ali onse. Ng'ombe ya pakhomo isagulitsidwe cifukwa ca dzina la kampani.