SABATA, LAMULUNGU NDI MAGANIZO A MUMTIMA

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu. Loweruka lina m'mawa mai anandituma kumsika waukulu kukagula usipa ndi tomato. Pobwerera ndinakumana ndi mnzanga amene ndinaphunzira naye ku pulaimale. Anali atatchena malaya oyera ndi taye, Baibulo m'khwapa, pa ulendo wokapemphera, pakuti iye ndi wa mpingo wa Seventh Day Adventist. Ataona jumbo yanga anaseka nati, "Iwe ukufuna kudzakhala wansembe, koma ukugula ndiwo pa Sabata? Anakupatsani ndani mphamvu yosintha lamulo la Mulungu?" Ndinamuyankha kuti ife timapemphera mawa. Iye anati, "Chabwino. Nanga mawalo ukakhala m'tchalitchi cha St Peter's thupi lokha, mtima uli ku mpira ku Mzuzu Stadium, tsikulo walisunga?"

Anzanga, ndinasowa chonena ndipo ndinachita manyazi. Koma akulu akale anati safunsa anadya phula. Nditabwerera kuno kuseminale ndinafunsa Bambo amene amatiphunzitsa za chipembedzo, ndinawerenganso mabuku amene anandibwereka. Zimene ndinapeza ndi izi.

Kodi Sabata ndi liti?

Tiyambe ndi kuvomereza zoona. Sabata la m'Chipangano Chakale ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndiye kuti Loweruka. Kwa Ayuda limayamba dzuwa likalowa Lachisanu ndi kutha dzuwa likalowa Loweruka. Lamuloli lili pa Eksodo 20:8-11, pamene likutikumbutsa kuti Mulungu anapumula atalenga zonse, ndiponso pa Deuteronomo 5:12-15, pamene likukumbutsa Aisraele kuti anali akapolo ku Ejipito ndipo Mulungu anawaombola. Ife Akatolika timaliwerenga ngati lamulo lachitatu, pamene anzathu a mipingo ina amati ndi lachinayi.

Kuno kumpoto chinenero chimatisokonezanso. Pa Chitumbuka, munthu akati "pa Sabata" akunena Lamulungu, ndipo Loweruka ndi "pa Chisulo". Choncho ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti Sabata ndi Lamulungu ndi chinthu chimodzi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amasiyanitsa masiku awiriwa momveka bwino.

Kusunga Loweruka sikwachilendo m'Malawi muno. Joseph Booth anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo mothandizidwa ndi a Seventh Day Baptist, ndipo m'chaka cha 1902 malowo anagulidwa ndi a Adventist. Ndiyo mishoni ya Malamulo imene tonse timaidziwa chifukwa cha chipatala chake. M'boma la Mzimba, Charles Domingo, amene anaphunzira ku Livingstonia, ankatsogolera Akhristu osunga Loweruka cha m'ma 1910. Tsono mnzanga uja ali ndi mbiri yake, ndipo si bwino kumunyoza.

Nanga Lamulungu linachokera kuti?

Ena amati mfumu Constantine ndiye anasintha tsikuli. Nzoona kuti m'chaka cha 321 iye analamula kuti anthu a m'mizinda ya ufumu wa Roma azipumula Lamulungu. Koma Akhristu anali atayamba kale kusonkhana pa tsikuli. Mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino amagwirizana kuti manda a Yesu anapezeka apululu pa tsiku loyamba la sabata. Pa Ntchito za Atumwi 20:7 tikupeza Akhristu a ku Troas atasonkhana pa tsiku loyamba kuti anyeme mkate, Paulo Woyera ali pomwepo. Pa 1 Akorinto 16:2 Paulo yemweyo akuti zopereka zizipatulidwa pa tsiku loyamba. Cha m'ma 155, Justin Woyera wofera chikhulupiriro analemba ali ku Roma mmene Akhristu ankasonkhanira pa tsikuli: kuwerenga Malembo, kumva ulaliki, kupemphera, kulandira Ukaristia ndi kusonkhera amphawi. Apa nkuti kutatsala zaka zoposa 160 kuti Constantine apereke lamulo lake lija.

Choncho Mpingo sunafufute lamulo la Mulungu. Umasunga cholinga chake, chimene ndi kupembedza ndi kupumula, pa tsiku limene Ambuye anauka kwa akufa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafotokoza zimenezi m'kalata yake yotchedwa Dies Domini ya m'chaka cha 1998. Malamulo a Mpingo amati tizichita nawo Misa Lamulungu ndi kupewa ntchito zimene zingatilepheretse kupembedza ndi kupumula. Koma namwino wa pa chipatala chachikulu cha Mzuzu amene ali pa ntchito tsikulo, kapena mai amene akudwazika mwana, sanachimwe ayi. Yesu mwini ankachiritsa odwala pa Sabata, ndipo pa Marko 2:27 anaphunzitsa kuti tsikulo linaikidwa kuti lithandize munthu.

Kodi maganizo angakhale tchimo?

Funso lachiwiri la mnzanga ndilo linandivuta kwambiri, pakuti linandikhudza pamtima. Yankho lake ndi lakuti inde, munthu angathe kuchimwa m'maganizo. Lamulo lachisanu ndi chinayi ndi lakhumi amaletsa kusirira, ndipo kusirira sikuchitika ndi manja koma mumtima. Pa Mateyo 5:21-28 Yesu anaonetsa kuti kupha kumayamba ndi mkwiyo, ndipo chigololo chimayamba ndi diso ndi mtima. Nchifukwa chake poyamba Misa timavomereza machimo a m'maganizo tisanatchule a m'mau ndi a m'zochita.

Komabe si ganizo lililonse loipa limene lili tchimo. Augustine Woyera anaphunzitsa kuti pali masitepe atatu. Poyamba ganizo limangofika lokha osaitanidwa. Kenaka munthu amamva kukoma kwake. Pomaliza amavomera ndi kufuna kwake. Tchimo lenileni lili pa kuvomerapo. Bambo anandipatsa chitsanzo cha mlendo wogogoda pachitseko usiku. Kugogodako si mlandu wako. Mlandu umayamba ukamtsegulira, kumpatsa mpando ndi kumuphikira tiyi, ukudziwa bwino lomwe kuti ndi mbala. Ngakhale Yesu anayesedwa m'chipululu, koma sanachimwe.

Katekisimu amanenanso kuti tchimo limakhala lalikulu pokhapokha zinthu zitatu zikakhalapo pamodzi: nkhaniyo ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino kuti ndi choipa, ndipo achifune mwadala. Izi ndi zofunika kwa ife anyamata a zaka 15 kapena 16. Ena a ife timavutika mumtima usiku wonse chifukwa cha ganizo limene tinalikana kale, mpaka kuopa kulandira Ukaristia. Enanso timasunga chidani kwa mnzathu teremu yonse, tikumufunira zoipa, nkumati palibe vuto poti sitinamumenye. Onse awiri alakwitsa. Woyambayo akudziweruza pa mlandu umene sanapalamule, wachiwiriyo akubisa mlandu weniweni. Amene wasokonezeka asadzisungire yekha, apite kwa Bambo womulangiza za uzimu kapena ku Sakramenti la Kulapa.

Tsono yankho kwa mnzanga

Ngati ndili pa Misa ndipo ganizo la mpira landibwerera, ine nkulibweza ndi kuyang'ananso kuguwa, ngakhale kakhumi, sindinachimwe. Kubwezako ndi pemphero kale. Koma ngati ndasankha dala kukhala kumbuyo kuti ndiziwerengera zigoli mpaka Misa ithe, ndiye kuti ndabweretsa thupi, mtima ndausiya kunyumba. Pamenepo mnzanga uja akunena zoona, ndipo ndiyenera kukonza.

Pa tchuthi chikubwerachi ndidzamufunafuna. Sindikuyembekeza kuti adzasiya Loweruka lake, ndipo inenso sindidzasiya Lamulungu langa. Koma ndidzamuonetsa mavesi aja mwaulemu, ndipo ndidzamuthokoza. Chiyambire tsiku limene anandifunsa, ndikalowa m'tchalitchi ndimayamba ndadzifunsa kumene kuli mtima wanga ndisanagwade.

Wolemba ndi wophunzira wa Fomu 3