Musathamangire kugula sensa: mvetsani kaye zomwe manambala akunena

Galimoto yochunidwa imakoma kuyendetsa, koma ili ndi khalidwe limodzi loopsa: itha kukoka bwino zedi pamene mapisitoni akupsa mkatimo. Chomwe chingakuchenjezeni msanga ndi kachipangizo komangidwa pa paipi ya ekizozi, sensa yoyeza kasakanikidwe ka mpweya ndi mafuta. Tsoka lake, ambiri amawerenga manambala ake chozondoka, n'kutaya ndalama pogula sensa ina pomwe yakaleyo ili bwinobwino.

Ine ndimakonda za makompyuta a galimoto, ndiye anzanga satha kunditumizira zithunzi pa WhatsApp. "Aise, ikuonetsa 3.3, yafa eti?" Ndisanayankhe ndimayamba ndafunsa kuti sensayo ndi yamtundu wanji, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Petulo amapsa bwino akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa 14.7 kwa 1, kutanthauza magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta. Nambalayo ikakwera ndiye kuti mafuta achepa. Ikatsika ndiye kuti achuluka. Petulo wathu wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo pomwe ethanol ali 10 peresenti mlingo weniweni umatsikira cha pa 14.1. Izi zisakusokonezeni. Sensa imayeza mpweya wotsala mu utsi, choncho geji yopangidwira petulo imaonetsabe 14.7 zinthu zikakhala bwino.

Mtundu woyamba ndi sensa yakale ija, narrowband. Imatulutsa magetsi apakati pa 0.1 ndi 0.9 volts. Nambala yotsika ndi mafuta ochepa, yokwera ndi mafuta ambiri, pakati pake ndi 0.45. Injini ikatentha, nambalayo imayenera kumadumphadumpha. Ikangoti zii malo amodzi, pali vuto.

Mtundu wachiwiri umapezeka m'ma Toyota ambiri ochokera ku Japan omwe adzaza m'misewu yathu. Uwu umakhazikika cha pa 3.3 volts, ndipo kusadumpha kwake ndiye thanzi lake. Komanso umayenda mosemphana ndi woyamba uja: nambala ikakwera mafuta achepa, ikatsika achuluka. Ngati mukuwerengera pa foni kudzera pa kachipangizo ka ELM327 ndi pulogalamu ngati Torque, mutha kuona 0.66. Musadabwe, ndi 3.3 yomweyo itagawidwa ndi 5. Ndipo multimeter siingakuthandizeni kwenikweni pa sensa yotereyi, chifukwa chomwe chimasintha ndi mphamvu yochepetsetsa yoyenda m'waya, yomwe kompyuta imaitembenuza kukhala nambala mukuionayo.

Mtundu wachitatu ndi wa ochuna: wideband yogula padera, nthawi zambiri yokhala ndi sensa ya Bosch LSU 4.9 ndi kabokosi kotumiza magetsi a 0 mpaka 5 volts ku kompyuta. Apa ndi pomwe injini zimafera. Kampani iliyonse ili ndi kamasuliridwe kake. Pa ma geji akale a AEM, 0 volts ndi 10 ndipo 5 volts ndi 20. Pa Innovate LC-2, 0 volts ndi 7.35 ndipo 5 volts ndi 22.39. Tangoganizani mwamanga AEM koma mu kompyuta mwasankha tebulo la Innovate. Waya ukatumiza 1.5 volts, mlingo weniweni ndi 13, koma kompyuta iwerenga pafupifupi 11.9. Injini ya turbo ikamakoka mwamphamvu imafuna cha pa 11.5 mpaka 12, ndiye kompyuta iganiza kuti zonse zili bwino pomwe mafuta akuperewera. Mapeto ake ndi kugogoda, kutentha, kenako pisitoni kusungunuka.

Nanga manambala akasokonekera, muyambire pati? Ine ndimatsata ndondomeko iyi, kuyambira pa zosalira ndalama.

Choyamba, dikirani itenthe. Narrowband imayamba kuwerenga cha pa 300°C, pomwe LSU 4.9 imagwira ntchito pa 780°C. N'chifukwa chake imakhala ndi hita yake. Mukaona ma code ngati P0031 kapena P0135, onani fyuzi ndi mawaya a hita musanaweruze sensa.

Chachiwiri, yerekezani nambala ya pa geji ndi ya pa laputopu. Zikasiyana, onani tebulo lomasulira lija. Tebulo likakhala lolondola, kayikirani waya wa earth. Kabokosi ndi kompyuta zikagwira earth malo osiyana, magetsi amasiyana pang'ono, ndipo pa AEM yakale ija kusiyana kwa 0.2 volts kokha kumasuntha mlingo ndi 0.4. Mungazindikire vutoli poyatsa nyali kapena fani: ngati nambala ya pa laputopu ikusuntha koma ya pa geji ili pomwepo, vuto ndi waya.

Chachitatu, fufuzani ngati ekizozi ikutaya. Kabowo kapena gasiketi yotha kutsogolo kwa sensa imayamwa mpweya wakunja, sensa n'kunena kuti mafuta achepa. Kompyuta imawonjezera petulo, mapulagi amada, thanki imatha msanga. Ndi mahampu ndi maenje a misewu yathuyi, ekizozi yong'aluka si yachilendo ayi.

Chachinayi, iyeseni sensayo. Pondani moto mwadzidzidzi: iyenera kuonetsa mafuta ambiri nthawi yomweyo. Kenako, galimoto ikuyenda mu giya, chotsani phazi: kompyuta imadula mafuta, ndipo nambala iyenera kuthawira mbali ya mpweya wokhawokha. Sensa yomwe ikuyankha msanga mbali zonse ziwiri ndi yamoyo. Foni kapena laputopu agwire mnzanu, inu maso pamsewu.

Ikapambana mayeso onsewa koma ikunenabe kuti mafuta achepa, ikhulupirireni. Code ya P0171 si chigamulo choti sensa yafa. Kawirikawiri ndi pampu yofooka, fyuluta yotsekeka, ma injector akuda kapena paipi yoyamwa mpweya pambali. Ngati fuel trim yapitirira +10 peresenti, kompyuta ikuvutika kukwirira vuto lenileni.

Ikapezeka kuti yafadi, funsani chomwe chaipha, apo ayi yatsopanoyo itsatira. Oyilo wopsa m'injini, madzi a radiator olowa mu silinda ndi silikoni wamba womatira magasiketi zonse zimaononga sensa. Wideband imafunanso kumangidwa choweramira pansi ndi madigiri osachepera 10, kuti madzi a m'paipi asaigwere itatentha.

Pempho langa ndi limodzi. Malinga ngati manambala sakugwirizana, musayese liwiro, ngakhale anzanu akutokoseni bwanji. Sensa ndi waya mutha kugula mwezi uno. Injini yophulika imaimika galimoto pakhomo mpaka udzu kumera pansi pake.