CAKA CIMODZI, MAINA AMBIRI

Polemba tsiku pamwamba pa kalata, ndi ocepa amene amadzifunsa kuti kawerengedwe kathu ka zaka kanayamba ndi yani. Yankho lake lili m'caka cimene lero timacitcha 525, ngakhale kuti anthu a nthawiyo sanali kucidziwa ndi nambala imeneyi.

Ku Roma cinali kudziwika ndi dzina la Probus, nduna yaikulu ya cakaco. Kuwerenga kucokera pa kumangidwa kwa mzindawo, cinali 1278. Pa kalendala ya Ayuda, yoyambira pa cilengedwe ca dziko, cinali 4285 kulowa 4286. Ku China cinali caka ca Njoka. Akristu a ku Egypt anali m'caka ca 241, poti iwo anali kuwerenga kucokera mu 284, pamene Diocletian analowa ufumu wa Roma.

Diocletian ameneyu ndiye anayambitsa cizunzo coopsa ca Eklezia mu 303: anagwetsa machalichi, natentha mabuku oyera, naphetsa okhulupirira ambiri. Komabe ndandanda imene Eklezia anali kutsata pofuna kudziwa tsiku la Pasaka inali kuwerenga zaka m'dzina lace, ndipo inali pafupi kutha.

Nchito yoipitiriza inagwera mmonke wophunzira wa ku Scythia, Dionysius Exiguus, amene anali kukhala ku Roma m'masiku a Papa Yohane Woyamba. Iye anakonza masiku a Pasaka a zaka 95, kuyambira 532 kufikira 626. Koma anakana kusunga cikumbutso ca mfumu yozunza Akristu, nayamba kuwerenga kucokera pa kudzipanga munthu kwa Ambuye athu Yesu Kristu.

Njira yaceyo sinafale msanga. Inazika mizu pamene Bede Woyera wa ku England anaigwiritsa nchito m'buku lace la mbiri mu 731. Akatswiri ambiri amati Dionysius anaphonya ndi zaka zingapo, popeza mfumu Herode inamwalira zaka zinai cisanafike caka coyamba ca kawerengedwe kace.

Nanga Akristu a ku Egypt? Iwo sanasinthe nambala, koma anasintha mwini wace. Kufikira lero amayambirabe pa 284, nazitcha Zaka za Amartiri, kulemekeza ophedwa m'malo mwa wakupha.

Motero, abale, kuwerenga zaka ndi kusankha amene tifuna kumkumbukira. Pamene mulemba tsiku la ubatizo wa mwana wanu, nambalayo ikuloza ku Betelehemu.