Petulo Wopangidwa m'Fakitale

Mafuta oyendetsera galimoto amachokera m'zitsime za pansi pa nthaka, ndipo maiko amene alibe zitsimezo amawagula ndi ndalama zakunja. Mtengo wake ukakwera, monga unachitira m'chaka cha 1973, ngakhale mlimi wa kumudzi amamva kuŵaŵa potumiza mbewu zake kumsika. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi akhala akufunafuna njira yopangira petulo m'fakitale.

Petulo ndi wopangidwa ndi zinthu ziŵiri, kaboni ndi haidirojeni, kotero munthu atazipeza kwina angathe kuzilumikiza yekha. M'chaka cha 1925, Ajeremani aŵiri, Franz Fischer ndi Hans Tropsch, anatulukira njira yake. Malasha amatenthedwa pamodzi ndi nthunzi ya madzi kufikira atasanduka mpweya, ndipo mpweyawo ukadutsa pa chitsulo chokonzedwa mwapadera umasanduka mafuta.

Dziko la South Africa, limene lili ndi malasha ochuluka, linagwiritsa njirayi. Kampani ya Sasol inayamba kupanga mafuta ku Sasolburg m'chaka cha 1955, ndipo pambuyo pake inamanga mafakitale akulu koposa ku Secunda. Petulo wotere amathiridwa m'galimoto wamba popanda kusintha injini. Choipa chake n'chakuti mafakitalewo amatulutsa mpweya wambiri wa carbon dioxide, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza kagwedwe ka mvula.

Pofuna kupeŵa malasha, m'chaka cha 2022 kunatsegulidwa fakitale ya Haru Oni pafupi ndi mzinda wa Punta Arenas ku Chile, kumene mphepo imaomba mwamphamvu. Mphepoyo imapukusa makina opanga magetsi, magetsiwo amapatula haidirojeni m'madzi, ndipo haidirojeniyo amaphatikizidwa ndi carbon dioxide kuti pakhale petulo.

Komatu walira mvula walira matope. Njira imeneyi imadya magetsi ochuluka, ndipo mphamvu yambiri imatayika popanga mafutawo ndi powatentha mu injini. Magetsi omwewo ataikidwa m'batire ya galimoto yoyendera magetsi angaifikitse kutali koposa. Pa chifukwa chimenechi petulo ameneyu ndi wokwera mtengo kuposa wa m'zitsime, ndipo dziko lofuna kumupanga liyenera kuyamba lapeza magetsi okwanira ndi otsika mtengo.