Macabéa ndi Ana Athu Opita ku Lusaka

Mwezi watha, ine ndi anzanga atatu tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuno ku Chipangali kukambirana kabuku ka ku Brazil, A Hora da Estrela. Clarice Lispector anakalemba m'Chipwitikizi ndipo kanatuluka mu 1977, chaka chomwe iye anamwalira. Ife tinawerenga komasuliridwa m'Chingerezi.

Nkhani yake ndi ya Macabéa, mtsikana wa ku Alagoas amene makolo ake anamwalira ali ndi zaka ziwiri, moti sawakumbukira. Ataleredwa ndi azakhali ankhanza, anakapezeka ku Rio de Janeiro akutayipa makalata. Ankagona chipinda chimodzi ndi atsikana anayi, koma panalibe womudziwa mumtima. M'bandakucha ankatsegula wailesi chapansipansi, kumvera siteshoni yolengeza nthawi mphindi iliyonse.

Titafika pamenepo, mayi wina amene ankamvetsera akusenda nshawa anaika lichero pansi. "Aphunzitsi, uyutu ndi mwana wanga," anatero. Mwana wakeyo anakwera basi ku Chipata kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Lusaka. Akaimba foni amangoti ali bwino, mawu ali ozizira.

Chimene kabukuka kanandiphunzitsa n'chakuti kusungulumwa kumapweteka kwambiri pakati pa khamu. Kumudzi munthu amadziwika ndi mfunda wake, agogo ake ndi manda a kwawo. M'tauni wopanda womukumbutsa zimenezi amayamba kudziiwala.

Choncho mukamuimbira mwana ali kutali, musangofunsa za ndalama. Muuzeni kuti mango apsa, ndipo mumutchule ndi mfunda wake.