Anthu Owerenga Dontho la Magazi

Wa mu labotale akadontheza magazi osauma pa kagalasi n'kusuzumira mu maikulosikopu, chimene amayamba kuona ndi maselo ofiira akugwedezeka pakangodya kamodzi, ena onse ali phee. Akayang'anitsitsa pomwepo ndiye amakapeza kachilombo ka kaodzera kakupiringizika pakati pawo. Diso losazolowera limangodutsa. Luso limeneli limandizizwitsa, ndipo ndikuopa kuti likutha anthu a kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi akadalifuna.

Nkhalangoyi, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 2,700, ili pamapiri a kum'mawa kwa chigwa cha Luangwa, kumene kashembe ndi nyama zakutchire zimasunga matendawa. Mu 1910, asayansi Stephens ndi Fantham anapeza mtundu wa kaodzera wa Trypanosoma rhodesiense m'magazi a mzungu amene anautenga m'chigwa chomwechi. Mu 1912, Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito ku Luangwa komweko, anatsimikiza kuti amaufalitsa ndi kashembe. Onsewa chida chawo chinali maikulosikopu.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku njodziwika: kulandira magazi, makhololo, mkodzo ndi chimbudzi, kupaka utoto wa Giemsa kapena wa Ziehl-Neelsen, kulemba zotsatira m'buku. Chovuta ndi kuwerenga maonekedwe. Bakiteriya uyu ndi wautali ngati kandodo, awa ndi ozungulira ounjikana, selo lofiira ili lasintha mpangidwe. Anthuwa amadyera maonekedwe ndi kayendedwe ka tinthu, koma chimene chimaumba maonekedwewo sachiona, chifukwa n'chaching'ono kuposa zimene makina awo angakuze.

Chimodzi mwa zoumbazo ndi puloteni yotchedwa actin. Brunó Straub anaipatula m'minofu ya nyama mu 1942 ku Szeged, m'dziko la Hungary. Timagawo take timalumikizana ngati mikanda pa ulusi, kwina ikulowa kwina ikutuluka, ndipo potero selo limakankhika kupita kutsogolo. Selo loyera likamakwawa kuthamangitsa tizilombo limagwiritsa ntchito actin. Selo lofiira limapindika podutsa m'timitsempha n'kubwerera mwakale chifukwa cha ukonde wa actin ndi puloteni ina, spectrin. Kachilombo ka malungo kali ndi actin yakeyake, ndipo ndi imene imakathandiza kudzikankhira m'selo lofiira. Shigella, bakiteriya wa kamwazi, amachita kuba actin ya munthu yemweyo n'kumaikwera pochoka m'selo lina la m'matumbo kulowa lina.

Kwa zaka zambiri asayansi ankati mabakiteriya alibe zoterezi. Mu 2001, gulu la Jeff Errington ku Oxford linaonetsa kuti puloteni ya MreB imapanga timizere pansi pa khungu la bakiteriya n'kumupatsa mpangidwe wa kandodo, ndipo gulu la Jan Löwe ku Cambridge linapeza kuti kapangidwe kake n'kofanana ndi ka actin. Choncho wa mu labotale akaona tindodo ta anthrax, matenda amene anagwira anthu ku Chama mu 2011 atadya nyama ya mvuu, amakhala akuona ntchito ya mapuloteni a mtundu umenewu. Mabakiteriya ambiri ozungulira alibe MreB. Wa chifuwa chachikulu ndi wautali koma nayenso alibe, amakula ndi kunsonga.

Mukakhala nawo pansi anthu a ntchitoyi, za mapuloteni sizitenga nthawi. Akale amadandaula za maso: kagalasi ka malungo kamafunika kukayang'ana malo osachepera 100 usananene kuti mulibe kanthu, ndipo pofika madzulo mutu umakhala ukugunda. Ena amakamba za utoto wotha mphamvu, mafuta a pa kagalasi osowa, nguwi yomera m'magalasi a makina nthawi ya dzinja. Za magetsi ndiye aliyense ali nayo nkhani, makamaka ya 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba. Achinyamata, amene anaphunzira ku Evelyn Hone ku Lusaka kapena ku koleji ya ku Ndola, nkhani yawo ndi ya kudikira. Boma linalemba anthu azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, koma ena akugwirabe mongodzipereka, chiphaso chili m'manja, ndalama ya sopo akupempha kwa makolo.

Palinso dandaulo lina limene amalinena motsitsa mawu, loti dzanja ndi diso zikuiwala. Kuyambira 2010, pamene bungwe la WHO linalangiza kuti wodwala aziyezedwa asanapatsidwe mankhwala a malungo, timapulasitiki toyezera msanga tafika paliponse. Chaka chomwecho linavomereza makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu. Zonsezi zapulumutsa anthu, palibe wotsutsa. Kapulasitiki amakagwiritsa ntchito ngakhale wodzipereka wa m'mudzi, pansi pa mtengo. Koma kamayankha funso limodzi lokha limene kanapangidwira. Wa mu labotale amene amatha miyezi osapaka magazi pa kagalasi, tsiku limene adzafunike adzakayika.

Apa m'pamene mtima wanga umakhala m'mwamba ndikaganiza za mlimi, wofula uchi kapena msilikali wa nkhalango wa ku Lukusuzi. Kaodzera wa kuno amayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, chimodzimodzi malungo, ndipo amapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Kapulasitiki koyezera msanga mtundu umenewu kulibe. Munthu akhoza kumwa mankhwala a malungo kawiri katatu, kwinaku kachilombo kakulowera ku ubongo.

Mankhwala tsopano alipo osavuta. Fexinidazole, wa mapiritsi, anayesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda, ndipo mu 2024 WHO inamuika patsogolo pochiza kaodzera wa mtundu uwu. Komabe dokotala sangamulembe asanauzidwe kuti kachilombo kaoneka. Ndiye pokonza bajeti ya zipatala za m'mphepete mwa nkhalango, akuluakulu a zaumoyo a m'derali ndi a ku Lusaka ayenera kuikamo malipiro a wa mu labotale, utoto wosatha mphamvu, sola yoyatsira maikulosikopu, ndi maphunziro obwereza chaka ndi chaka kuti akale asapume ntchito asanaphunzitse achinyamata.