Matenda a Shuga: Kodi Yoga ndi Kupuma Bwino Zingathandize?

Inu makolo ndi akatekisiti a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi Boma mpaka ku Monkey Bay, ku Malindi ndi ku Makanjira: lero tikambirane za matenda a shuga. Odwala ena amva za masewera otchedwa yoga, ndipo auzidwa kuti munthu akawachita mankhwala safunikanso. Kodi choona ndi chiti?

Tiyambe ndi nthendayo. Nsima, mpunga ndi chinangwa zimene tidya zisanduka shuga m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu ndi kutipatsa mphamvu, pafunika insulini, imene thupi lipanga lokha. Insulini ikachepa, kapena thupi likaleka kuimvera, shuga angounjikana m'magazi, nayamba kuononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti m'Malawi muno, mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali nayo nthendayi.

Tsono yoga inachokera ku India. Munthu awongola ndi kupinda ziwalo pang'onopang'ono, kwinaku akusamala kapumidwe kake. Thandizo lake lidzera njira ziwiri. Poyamba, minofu ikagwira ntchito itenga shuga m'magazi, ngati moto umene udya nkhuni. Chachiwiri, munthu akakhala ndi nkhawa kapena mantha, thupi litulutsira shuga wina m'magazi, ngati likonzekera kuthawa chilombo. Kupuma mofatsa kukhazika mtima pansi, ndipo munthu agona bwino. Koma timvetsetse: zimenezi zithandizana ndi mankhwala, sizilowa m'malo mwake. Amene abaya insulini, kapena amwa metformin, asaleke popanda mawu a dokotala, pakuti moyo wake uli pomwepo.

Nanga tichite bwanji? M'mawa, dzuwa lisanakwere, yalani mkeka pamthunzi. Khalani msana uli chilili, dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba itukuke. Utulutseni pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chitani chomwecho mphindi 5 kapena 10. Kenaka kwezani manja m'mwamba, tembenuzani chiuno uku ndi uku, khalani pampando ndi kuimirira kakhumi. Izi zokha sizikwanira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lilangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Kuyenda ndawala, kulima ndi kupalasa bwato ziwerengedwa momwemo, ndipo kuyendako pang'ono mutatha kudya kuthandiza kuti shuga asakwere kwambiri.

Pali zinthu zitatu zoti tichenjere nazo. Choyamba, mapazi. Nthendayi ichititsa dzanzi, kotero munthu atha kupsa ndi mchenga wa mu Okutobala, kapena kulasidwa ndi munga wa nsomba padoko, iye osamva kanthu. Kabala kakang'ono kotere kamadulitsa mwendo. Valani nsapato, ndipo muone mapazi anu madzulo alionse.

Chachiwiri, shuga atha kutsika mopitirira, makamaka kwa amene abaya insulini kapena amwa glibenclamide, akalimbitsa thupi ndi njala. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, chizungulire ndi kusokonezeka maganizo. Pomwepo wodwala amwe madzi osungunuliramo timasupuni titatu ta shuga, kenaka adye. Akakomoka musam'mwetse kanthu, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala.

Chachitatu, amene maso awo ayamba kuonongeka, kapena magazi awo amathamanga, apewe kuzondotsa mutu ndi kugwira mpweya nthawi yaitali. Ayambe afunsa ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena chimene ali nacho pafupi.

Inu akatekisiti mudzafunsidwa ngati Mkhristu angachite yoga, popeza kwawo ku India igwirizana ndi chipembedzo cha Chihindu. Mu 1989 Kadinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pake anakhala Papa Benedict XVI, analembera maepiskopi kalata yonena za kusinkhasinkha kwa Chikhristu. Anavomereza kuti kakhalidwe ka thupi kangathandize munthu kudekha, koma anachenjeza kuti kupepukidwa kumene munthu amva atatha masewera sikuyenera kuyesedwa mphatso ya Mzimu Woyera. Tsono yankho n'losavuta: kuwongola ziwalo ndi kupuma bwino ndi ntchito ya umoyo, ndipo pemphero likhale pemphero.

Wodwala akasiyidwa yekha atopa msanga. M'banja ndi mu Mphakati, tim'perekeze poyenda, tichepetse shuga mu tiyi wa tonse, tichulukitse masamba ndi usipa m'mbale, ndipo tim'kumbutse tsiku lake la kusikelo ya shuga. Mulungu akusungeni nonse, ndi mabanja anu.